Mivi M'madzi

Magetsi abwera cha m'ma leveni usiku.
Mount Pleasant yense ali m'tulo, kupatula ife atatu
m'chipinda chapansi chopanda zenera:
ine, Nyengeterai wa digiri yachitatu,
ndi pampu yokalamba, yoyamba yatsokomola isanadzuke.

Yanga ndi kupukuta galasi la thanki.
Chala chikasiyapo mafuta,
usiku wonse walowa m'madzi.
Kenako ndimathira timikanda, supuni yosadzaza,
tating'ono kuposa dzira la utitiri,
tolemera chimodzimodzi ndi madziwo
kuti iwo akakhota, nato tikhote, osafunsa.
Madzi alibe nkhope, amatero Nyengeterai,
ndiye timawabwereka mawanga.

Makamera anayi, iliyonse pangodya pake,
mboni zinayi pa mlandu umodzi.
Diso limodzi limangoona kuti chinthu chadutsa;
kaya chikudza kwa iwe, kaya chikukuthawa,
amanena ndi mnzake woonera chambali.
M'litali, m'lifupi, m'kuya.
Lachiwiri ndinagunda mwendo wa kamera ndi chikolopa.
Tinayambiranso: mbale ya madontho m'madzi,
kuisendeza milimita, kujambula, milimita ina,
mpaka atambala.
Sanandikalipire.
Anangoleka kang'ung'udza kake kaja.

Valani magalasi, Baba Nkhwazi.
Ndavala.
Kuwala kobiriwiraku amakutcha leza.
Tsiku loyamba ndinaseka ndekha,
poti bambo anga, mwana wa ku Dedza,
dzina limeneli ankalitchula mphezi ikang'anima,
chipewa chili m'manja.
Kuno leza ali ndi batani.
Amaphethira kawiri, mothina
moti chikope changa chimawerenga kamodzi,
ndipo pakati pa kuphethira kuwiriko
kompyuta ifunsa kamkanda kalikonse:
unali pati, wafika pati?

Madzi amabwera mwaulemu, ali pamzere,
kufikira akumane ndi chitsulo tinaimika pakati.
Kuseri kwake ndiye chipwirikiti.
Kamvuluvulu wamkulu abereka ang'ono,
ang'onowo abereka awo,
zidzukulu, zidzukulutudzi,
mpaka wotsiriza asungunuka osasiya maliro.
Pakanema zonsezi zimatuluka ngati mivi,
zikwi makumi, yofiira, yachikasu,
wina kuloza kwa ine,
wina kuthawira m'kati mwa galasi.
Iye amatembenuza chithunzicho ndi chala
ngati mayi wosankha kabichi ku Mbare.

Bambo anga zaka makumi atatu anamanga mavavu
kumalo oyeretsera madzi a mzinda uno.
Ankagunditsa sipanala papaipi, mbali ina kukhutu,
n'kunena kuti apa akukangana.
Sanawaonepo akukangana.
Ine ndawaona, wopukuta galasi,
ndipo ndilibe womuuza.

Kwathu ku Mufakose mpopi wauma sabata yachitatu.
Nthawi ino Esinati ali pamzere wa kumjigo,
chigubu chikumusungira malo, iye atatsamira khoma.
Ndinafunsa tsiku lina:
kodi mivi imeneyi idzafika kumpopi kwanga?
Nyengeterai anavula magalasi, natikita m'maso.
Sindidziwa, Baba.
Mwina pampu ina idzadya magetsi ochepa.
Mwina paipi ina idzachedwa kung'ambika.
Ndinakonda kuti sananame.

Faifi koloko, thii! Magetsi apita.
Pampu yatsokomola komaliza.
Mumdima ndikumva madzi akuzungulirabe,
opanda mboni, opanda muvi,
akumaliza okha nkhani yawo.

Lachisanu timakhuthula thanki.
Amandilola zigubu ziwiri, osati zakumwa,
ndipo kondakitala wa kombi amandilipiritsa mpando wake.
Esinati amakolopera pakhonde.
Pakauma, dzuwa likapendeka,
simenti imanyezimira pang'ono, mizeremizere,
ndipo ndimatha kuwerenga
pamene dzanja lake linakhota,
pamene linabwerera,
pamene linaima kuti apume.